Za setifiketi ya mwana ndi viza ya banja ku Joni

Achemwali, mwafunsa za setifiketi yobadwa ya mwana wanu ndi viza ya banja kuno ku Joni, chonde pasipoti yanu isagone m'manja mwa dobadoba, ine mpaka pano ndikakumbuka mtima umandiwawa. Poti bambo a mwanayo ndi nzika ya konkuno ngati amuna anga, za mwana sizovuta ayi, tengani kapepala kakuchipatala kaja, pasipoti yanu, ID yawo ndi setifiketi ya ukwati mupite limodzi ku Home Affairs, ofesi ya boma yoona za mapepala, masiku 30 asanathe chibadwire mwana. Mukachedwa imasanduka late registration, mafunso ake ngati mwaba mwana.

Chinandiliza ine ndi viza. Mkulu wina wakwathu komwe, wopemphera naye tchalitchi chimodzi, anati iye amadziwana ndi amkati, anatenga pasipoti yanga ndi ndalama zomwe ndimasungira mwana nkubwera ndi sitika ya viza yowala bwinobwino. Ndiye kumudzi kwagwa maliro a mayi anga, ndakwera basi ndi mwana kumsana, tafika pa Beitbridge usiku kukuzizira, mayi wa pa windo wayika pasipoti pa makina, wayikanso, wandiyang'ana, akuti sitika iyi mu kompyuta mulibe. Ine miyendo zii. Mwana akulira akufuna bere, kondakitala akukuwa kuti basi siyidikira munthu, katundu wanga anthu akutsitsa, ine ndikuimbira mkulu uja foni ikungoitana kenako anathimitsiratu. Masiku 30 omwe timapatsidwa polowa aja anali atatha kalekale ndiye ndinali ovasiteyi, ndipo ukapyola ndi masiku oposa 30 amakuletsa kulowa zaka 5. Mwana ali ndi mapepala onse, kalata ya bambo ake yomulola kuyenda ilipo, wopanda mapepala ndine mayi wake! Maliro ndinapeza ataika. Munthu uja mpaka lero amayimba kwaya kutsogolo atavala suti, Mulungu yekha amuone.

Inu pitani nokha ku VFS, ofesi yolandira mafomu a viza m'malo mwa Home Affairs, funsani viza ya section 11(6), ndi ya amene ali pabanja ndi nzika kapena wa permanent residence, ndipo ngati muli ndi kalata ya ntchito amakulolezani kugwira. Kuyambira 2019 khothi linagamula kuti wapabanja akhoza kufunsira ali momwemuno osabwerera kumudzi, bola masiku anu asanathe. Police clearance ya ku Malawi yambani kuyisaka pano. Banja likakwana zaka 5 ndiye mufunsire permanent.

Komabe pezani munthu wodziwa mafomu akuthandizeni, nokha mungasochere, ngakhale apilo ya chiletso chija yomwe inandibweza kuno anandilembera ndi munthu wolipidwa. Kungoti risiti ikhale ya dzina lanu ndipo zala mukadinde nokha. Za kumudzi, pano Malawi imalola unzika wa mayiko awiri, kafunseni ku ofesi ya kazembe wathu ku Johannesburg kuti mwanayo alembedwenso ku NRB, ofesi ya kalembera wa nzika kwathu.