Scotland sinayambe kalekale kukonda Ulaya chonchi

Mayi wina amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, wanditumizira imelo. Akuti anzake akuntchito amangodandaula kuti anawatulutsa mu European Union (EU), mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, iwo asakufuna, ndipo akufunsa kuti dziko limodzi lingavote bwanji mosiyana chonchi.

Achemwali, anzanuwo sakunama. Pa riferendamu ya pa 23 June 2016, anthu 51.9 pa 100 alionse mu UK yonse anasankha kutuluka. Koma ku Scotland 62 pa 100 anati tikhalebe, ndipo m'makhonsolo ake onse 32 palibe ngakhale imodzi imene inavotera kutuluka. Khonsolo ya Moray ndiyo inatsala pang'ono. Northern Ireland ndi London nazonso zinafuna kukhala, pomwe England yonse pamodzi ndi Wales zinati tatopa. Amalawi ena okhala kumeneko anavota nawo, poti nzika za Commonwealth zokhala m'dzikomo movomerezeka zinali ndi ufuluwo.

Chimene mwina anzanu sanakuuzeni n'chakuti kale zinali zotembenuka. Mu 1975 kunachitikanso riferendamu yofanana, ndipo England ndiyo inakonda Ulaya kuposa Scotland. Madera awiri okha amene anakana m'dziko lonse anali a ku Scotland, zilumba za Shetland ndi Western Isles, kwa asodzi oopa kuti mabwato akunja awathera nsomba. Chipani cha SNP, chofuna kuti Scotland idziimire payokha, nachonso chinkatsutsa Ulaya nthawi imeneyo.

Ndiye chinasintha n'chiyani? Kwa ine yankho lili pa zaka za Margaret Thatcher, yemwe anali nduna yaikulu ya UK. Kuyambira 1979, migodi ya malasha ndi mafakitale azitsulo ambiri anatsekedwa, uku anthu a ku Scotland akulamulidwa ndi boma limene ambiri sanalivotere. Brussels, likulu la mgwirizano wa ku Ulayawu, inayamba kuoneka ngati pothawira London ikakupanikiza. Pofika 1988, SNP inali itasintha nyimbo: tidziimire patokha, koma mkati mwa Ulaya.

Ku Northern Ireland nkhani ndi malire. Pangano la mtendere la 1998 litasainidwa, anthu anazolowera kuwolokera ku Ireland popanda wowaimitsa, ndipo ambiri sanafune kuti zotchinga zibwerere.

Ku England onani tauni ya Boston ku Lincolnshire, kumene anthu atatu mwa anayi alionse anavotera kutuluka. Poland ndi Lithuania zitalowa mu EU mu 2004, anthu ambiri anakhamukira kumeneko kukagwira ganyu m'minda ya ndiwo zamasamba, eni dera n'kuona ngati tauni yawo yasanduka ya alendo.

Chimene chimandizunguza mpaka lero ndi Wales. Dera la Blaenau Gwent linalandira ndalama za EU zokonzera misewu ndi kumangira koleji, koma pafupifupi 62 pa 100 anavotera kutuluka. Fakitale yazitsulo ya ku Ebbw Vale, tauni ya m'derali, inali itatsekedwa mu 2002, ndipo msewu watsopano sunabwezere munthu aliyense ntchito yake.