Mphutsi ndi timadontho toyera pa nsomba za m'madamu a kumapiri

Bambo wina amene ali ndi madamu m'munsi mwa phiri la Mulanje wafunsa kuti: "Potumbula makumba ndikupeza timphutsi tachikasu pansi pa khungu ndi pakhosi. Ndithire mankhwala anji? Nanga nsombazi tidye?"

Bambo, ndalama zanu musataye, palibe mankhwala othira m'damu amene angafike pamene mphutsiyo yabisala. Kachilomboka, kotchedwa Clinostomum, kamadutsa m'zamoyo zitatu. Kamakhwimira kukhosi kwa mbalame zodya nsomba monga akakowa. Mbalame ikamasaka chakudya, mazira amagwera m'madzi, ana ake n'kulowa m'nkhono. Akatuluka m'nkhonomo amaboola khungu la nsomba n'kukhala phee, kudikira kuti mbalame ina idzameze nsombayo. Mukachotsa nkhono, ulendo wonse waduka.

Choncho lambulani udzu wa m'mbali mwa damu, poti nkhono zimabisala mmenemo. Mukakolola, phwetsani damu liume mpaka matope ang'ambike, kenaka muwaze laimu, makamaka m'malo amene mwatsalira tizithaphwi. Pamwamba pa damu mangani zingwe zopingasana kuti mbalame zizilephera kutera. Matumbo a nsomba kwirirani. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akutumbula nsomba pa mlambala wa damu n'kuponya matumbo m'madzi momwemo ati zinzake zidye. Nkhono zina za m'madzi n'zomwenso zimasunga likodzo, ndiye ntchitoyi ikutetezanso ana anu.

Kudya idyani, koma zipse ndithu mpaka mkati. Zongowamba pamwamba ayi.

Mayi wa gulu lina la alimi ku Dedza akuti chiyambire Juni nsomba zawo zikudzikhula pansi, zasiya kudya madeya, ndipo zili ndi timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi pa zipsepse.

Mayi, amenewa ndi matenda a timadontho toyera, ndipo kumapiri amazunza chifukwa cha kuzizira. Makumba ndi chilunguni ndi nsomba za madzi ofunda, kukazizira zimafooka. M'madzi a madigiri 25 kachilombo koyambitsa matendawa kamamaliza moyo wake pasanathe sabata, koma m'madzi ozizira kwambiri kamatha ngakhale mwezi, n'chifukwa chake anthu amaganiza kuti matenda atha pomwe akadalipo. Kadontho mukukaonako ndi kachilomboko, ndipo kali pansi pa khungu. Kakakhwima kamagwera pansi pa damu n'kuswa ana mazanamazana.

Chepetsani chakudya kuti madzi asaole, ndipo lekani kukoka ukonde mwachisawawa. Nsomba zakufa zichotseni tsiku lomwelo. Mbewu ya nsomba yatsopano muyambe mwaisambitsa: magalamu 400 a mchere m'chidebe cha malita 20, kwa mphindi zosapitirira 10, ndipo ikayamba kugadabuka muichotse msanga. Mcherewu umapha tizilombo ta pamwamba pa khungu pokha, choncho mbewuyo muisunge payokha masabata angapo musanaisakanize ndi zina.

Nonse awiri, ngati madzi mumapatutsa mumtsinje, ikani sefa pa paipi yolowetsa madzi kuti matemba ndi ana a mlamba asalowe ndi tizilombo tawo, ndipo madzi a damu lina asamathirire m'damu linzake. Ukonde wobwereka uyambe wauma padzuwa.

Mukaona zilonda zofiira zakuya, imeneyo ndi nkhani ina. Akhoza kukhala matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene anapezeka ku Mchinji mu 2020. Musagulitse kapena kusamutsa nsombazo, dziwitsani ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu tsiku lomwelo.