Funsani Azakhali: Doom, Jik ndi khanda m'nyumba imodzi

Azakhali, ndili ndi mwana wa miyezi itatu, woyamba, ndipo tikukhala nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ndi balaza. Bambo ake usiku uliwonse amapopera Doom kenako kuyatsa koyilo, ine matewera ndimanyika mu Jik. Pano mwana akumangoyetsemula, apongozi akuti vuto ndi neti chifukwa ili ndi mankhwala, ndiichotse. Mutu wandiima, ndichotse chani ndisiye chani?
Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

Mwanawanga, neti yokhayo musachotse chonde, apongoziwo muwauze mwaulemu kuti mankhwala a mu neti ya ku sikelo ndi ochepa kwambiri pomwe malungo ndiye amatha kutenga khanda m'masiku owerengeka. Ikakhala yatsopano iyanikeni pamthunzi kwa maola 24 musanaigonere, basi.

Ine amene ndikumukayikira ndi utsi. Khanda limapuma ka 30 mpaka 60 pa mphindi imodzi pomwe inu ndi ine timapuma ka 12 mpaka 20, ndiye tangoganizani koyilo ikufuka usiku wonse mawindo atatsekedwa, iye ali pomwepo kukokera zonsezo m'tichifuwa take. Neti ilipo kale, koyiloyo ikugwira ntchito yanji? Isiyeni. Doom ngati bambowo sangachite popanda, azipopera masana inu mutabereka mwana mwatuluka, makapu ndi mbale atavundikira, kenako mawindo atsegule mpaka fungo litheretu.

Ndipo poti tikukamba za utsi ndinenerenso za mbaula, chifukwa June ndi July akafika timaipititsa m'nyumba kuti mwana asazizidwe. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka komanso sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo kenako osadzukanso. Muvekeni mwana chipewa ndi masokosi, mbaula ikhale panja, ngakhale yooneka ngati yazima.

Matewera safunika Jik tsiku lililonse. Sopo wamba, kutsukuluza katatu mpaka thovu litha, kuyanika padzuwa. Kamatako kakafiira nthawi zambiri ndi kuchedwa kusintha thewera kapena sopo wotsalira, ndipo paudala musamuwaze, kafumbiko kamalowa m'mphuno. Jik yomweyo musadzaisakanize ndi Harpic poti chimbudzi chiyere bwino, zimatulutsa mpweya wa klorini wotsamwitsa.

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi miyezi ikubwerayi, akayamba kukwawa. Parafini timasunga m'botolo la Fanta kuseri kwa chitseko, tameki wa makoswe timathira pa nsima yotsala nkuika pansi pa kabati, akiteliki wotsala pothira chimanga ali mu jumbo pakona, zonsezi zili pamsinkhu wake ndendende ndipo mwana chilichonse amayesa ndi pakamwa. Lero lomwe gwadani pansi, muyang'ane nyumba yanu mmene iye adzaionere, chimene mwachiona chikwezeni pamwamba kapena mutsekere. Akadzamwa parafini musamusanzitse ndipo musamukakamize mkaka, posanza parafini amalowa m'mapapo, thamangani naye kuchipatala botololo mutanyamula.

Kuyetsemula kokha kwa khanda sikoopsa, koma mukaona akupuma mobanika, nthiti zikulowa mkati, watentha thupi kapena akukana bere, musadikire tsiku la sikelo, pitani tsiku lomwelo ngakhale ndi usiku.
Azakhali