Kwa msuweni, za masipika a agogo aja

Eya msuweni, ndalimva funso lako, lakuti ugule penti wanji wa mabokosi a masipika aja ndi mahoni awiri a Ahuja. Penti wanji... iwe, lero ndi Lachitatu, ukwati ndi Loweruka. Ukufuna ndikuuze kuti ungopaka pamwamba pa penti wakale kuti pa zithunzi ziwale. Ndimakudziwa, ndiwe uja unkasamba kumaso kokha.

Dikira kaye. Mahoni aja anali atatu, ukudziwa kumene linapita lachitatu? Amalume a ku Katete, iwe umati abambo aang'ono. Kunali kutatsala sabata imodzi kuti Kulamba kuchitike ku Mkaika, mu Ogasiti, mphepo ili kuwirikiza, fumbi lokhalokha. Iwo akufuna nyimbo pamalo pawo pogulitsira nyama. Anasungunula caustic soda m'dilamu lodula pakati, nkuviikamo honi usiku wonse kuti penti wakale achoke, monga amachitira ndi zitsulo za ngolo ija. Koma honi lija linali la aluminiyamu, ndipo sodayo amadya aluminiyamu. Madzi akuwira okha, thovu kuti fwaa, iwo kuuza azakhali kuti, "Mwaona, mankhwala agwira." M'mawa kulitulutsa, lada bii, mlomo wake wapyapyala, mabowo ngati sefa. Anangolikolowekera kuseri kwa nkhokwe.

Honi lachiwiri, ayi, kunena zoona sanaliviike, anaphunzirako. Analikwecha ndi steel wool osamasula yuniti yakumbuyo, ija yotulutsa mawu. Tizitsulo tonse tija maginito anatikokera mu kampata kopapatiza momwe koyilo imayendamo. Ku Mkaika honi likungolira ngati njuchi m'botolo. Anadzudzula ampu, kenako batire, kenako azakhali. Mpaka lero ukawafunsa amati kunali anthu ansanje.

Tsono mvetsera. Poyamba masula yuniti, imangopotokoka ngati chivundikiro cha botolo, utseke pakamwa pake ndi tepi, uiike m'pulasitiki kutali ndi pogwirira ntchito. Ugunditse mawaya ake pa batire ya tochi ya 1.5 V, ikati "thi" ndiye kuti ili moyo. Honi uliyese ndi maginito. Akakakamira ndiye kuti ndi chitsulo, pamafunika pulaimala, penti woyamba wa pansi uja, wa red oxide. Akapanda kukakamira ndiye kuti ndi aluminiyamu, pamafunika etch primer wopyapyala, apo ayi penti adzasupuka ngati khungu la njoka. Penti wakale uchotse ndi paint remover, werenga pa chitini ngati salimbana ndi aluminiyamu, uzipala ndi kathabwa, kenako sandipepa wa 320 wonyowetsa. Pa mazinga pomwe yuniti imalowa usafikepo ndi bulashi.

Mabokosi, chotsa masipika, ujambule mawaya pa foni usanadule chilichonse. Osawotcha penti ndi moto, penti wakale ena ali ndi mtovu. Gwirira panja, chotseka pamphuno chili pamalo. Sandipepa 120, kenako 180, kumalizira 220, motsata mizere ya thabwa. Wa 80 ayi... chabwino, pansi pa bokosi pokha. Kachikopa kathabwa kapamwamba kaja sikakwana ngakhale milimita imodzi, ukangolimbikira pa kona waboola. Madzi asayandikire, kumbuyo kuja ndi chipibodi, chimafufuma. Pomwe chiswe chinadya sakaniza utuchi ndi guluu wa matabwa, umate, uume usiku wonse. Usanagule penti nyowetsa kansalu ndi thinazi, upake pobisika kuti udziwe mtundu wa penti wakale. Ndiponso penti wa thinazi pamwamba pa penti wa mafuta amachita makwinya, ngati wakale watsalira gula wa mafuta yemweyo.

Tsono werenga masiku. Kupala masiku awiri, guluu usiku umodzi, pulaimala tsiku lake, makoti awiri otalikirana maola 24, ndipo penti wa mafuta amafuna pafupifupi sabata kuti alimbe. Loweruka sizingatheke. Apukute ndi nsalu yachinyezi, akalire momwe alili, upake ukwati ukatha.

Wamva? Ukapaka mawa, ukawakweza pa Canter akadali onyowa mkati, akafika atamata zingwe, fumbi la mumsewu ndi zala za anyamata onyamula. Sabata ino penti usagule.

Ndipo anthu akubwera kudzaona mkwatibwi, bokosi aliyala chitenje m'mbali basi. Kupaka ndi Lolemba, msuweni, Lolemba. Amalume ukwati uno asayandikire mahoni, apatseni mbale ya nyama azisunga.