Kodi ndi obwera opanda mapepala amene aphera amisiri msika ku Mzuzu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bilidala wina wa ku Chibavi. Akuti anatchula mtengo womalizitsira nyumba ina ku Katoto, mwini nyumbayo anati wakwera, ndipo patangopita masiku anakapeza anyamata a ku Tanzania akuika matailosi ndi siling'i pa ndalama yotsika kwambiri. Akumaliza ndi funso lakuti: "Kodi si anthu olowa mozembawa amene atiphera msika? Boma likuona bwanji?"

Achimwene, zikomo polemba. Kudandaula kwanu ndi komveka, ndipo sindikuuzani kuti mukulota. Munthu wogona pa sayiti pomwepo, wosalipira lendi, amene ana ake ali kwawo, angathe kuvomera ndalama imene inu simungailandire. Pa ntchito zomalizitsa nyumba monga matailosi, jipisamu ndi penti, mpikisano umenewu ulipodi.

Koma tisaphatikize anthu onse mumtolo umodzi. Anthu a ku Ethiopia ndi Somalia amene timamva kuti agwidwa m'malole pamsewu wa M1 sabwera kudzaponda matope ku Mchengautuwa. Iwo akungodutsa, ulendo wa ku South Africa, ndipo ena amathera panjira, monga mitembo pafupifupi 30 ija inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022. Othawa kwawo a ku Burundi, Rwanda ndi Congo, amene boma linawabwezera ku Dzaleka mu 2023, ambiri tinkawadziwira m'maokala, osati pa sikafodi. Ndiye funsani anzanu: chibwezeredwe cha anthu aja, mtengo wa bilidala unakwerako?

Otsala ndi Ataifa, anthu a ku Tanzania aja. Ambiri mwa iwo sachita kuzemba n'komwe. Amalowa bwinobwino pa Songwe ngati alendo, poti Mtanzania safunika viza kuti adzacheze kuno. Chimene alibe ndi chilolezo chogwirira ntchito, chotchedwa Temporary Employment Permit. Apa mumvetse: amene amayenera kukapempha chilolezochi ku Immigration ndi wolemba ntchito, ndipo cholinga chake ndi luso limene likusowa m'dziko muno. Choncho bwana wa ku Katoto uja, amene inu mwamusiya pambali m'kalata yanu, ndiye woyamba kulakwira lamulo. Wapeza munthu amene sangapite ku ofesi ya Leba akamanidwa malipiro, amene akagwa pa denga n'kuthyoka msana angokwezedwa basi ya ku Karonga usiku. Kutchipa kwake kwagona pamenepo.

Ife a kumpoto kuno nkhaniyi tikuidziwa kuchokera mbali inayo. Ndi mudzi uti ku Mzimba umene ulibe mwana ku Joni? Nyumba zambiri zokongola zimene mukumanga ku Luwinga ndi ku Dunduzu, ndalama zake ndi marandi a anyamata onyamula simenti ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ambiri mapasipoti awo anatha kalekale masiku. Mawu amene mwalemba aja ndi omwewo amene eni dziko kumeneko amanenera abale athu, ndipo tinaona kumene anafikitsa mu 2008 ndi mu 2015, mabasi akubweretsa anthu ali ndi zovala za m'thupi zokha. Pa 6 Meyi 2024 nyumba yosanja imene inkamangidwa mumzinda wa George ku South Africa inagwa n'kupha anthu 34, ambiri a iwo obwera, Amalawi ali momwemo. Amene anapindula ndi kutchipa kwawo sanali pansi pa zigumukirezo.

Tsono chadya ndalama yanu n'chiyani kwenikweni? Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata, zitsulo, misomali, zonse zinakwera. Womanga nyumba sanganenerere ku hadiweya, mtengo ndi umene walembedwa. Malo okhawo amene angafinye ndi thukuta la mmisiri. Onjezani apo achinyamata amene chaka ndi chaka amatsika m'tauni muno kuchokera ku Rumphi, Nkhata Bay ndi Chitipa. Wagwira udakaboyi miyezi isanu ndi umodzi, wagula chipande ndi levulo, basi nayenso ndi bilidala, ndipo atenga ntchito pa theka la mtengo wanu. Amenewa ndi Amalawi anzathu, ziphaso za unzika ali nazo, ndipo ndi ochuluka kuposa Ataifa onse mungawawerenge. Boma linakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, koma ndani anapita pa sayiti kukaona ngati dakaboyi amafikapo?

Pali china chowawa chimene eni nyumba amanena tikakhala pa mowa. Amati Mtaifa akalandira adivansi amagwira mpaka kumaliza, pamene wathu amasowa sabata yathunthu, foni yazima, matumba awiri a simenti apita. Si onse, ndipo mwina si inu. Koma mbiri imeneyi ikukudyerani ntchito, ndipo Immigration singakuchotsereni.

Langizo langa ndi ili. Mukaona kampani yolembetsedwa ikugwiritsa ntchito anthu opanda chilolezo, kaneneni ku Immigration, ku Leba ndi ku bungwe limene limalembetsa makontirakitala, ndipo mutchule kampaniyo, osati kukathamangitsa anyamatawo ndi zibonga. Ngati mulibe satifiketi, funsani ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, za mayeso a anthu amene anaphunzirira luso pa ntchito, chifukwa makontirakitala a ntchito zaboma amafunsa pepala. Phunziraninso zimene zikukulandani makasitomala: jipisamu, matailosi akuluakulu, kumanga ndi mabuloko a simenti, poti kuyambira 2018 ntchito zikuluzikulu sizikuloledwanso njerwa zootcha. Mgwirizano uliwonse muzilemberana, ndalama izituluka pa siteji: maziko, lintala, denga.

Ndipo mukhale pansi ndi amisiri anzanu a ku Chibavi ndi ku Chiputula, mugwirizane mtengo wa sikweya mita umene palibe adzatsike pansi pake. Mtaifa amene wakhazikika kuno muitaneni nayenso pa zokambiranazo, chifukwa mukamusiya kunja ndiye amene bwana adzamuimbire mawa m'mawa.