Yankho kwa Amalume pa nkhani ya chamba cha m'thupi

Amalume, mwaswera bwanji? Pepani phokosoli, ndili m'minibasi kuchokera ku Soweto Market. Ndamva funso lanu lija, loti mnyamata wometa tsitsi wakuuzani kuti thupi limapanga chamba chake, ndiye mwina kusuta kungathandize bondo lanu. Gulu lathu lonse la pafoni laseka, koma mnyamatayo sananame zonse ayi.

Thupi limapangadi timankhwala togwira pamalo omwewo pomwe chamba chimagwira. Kamodzi ndi anandamide. Anakapeza mu 1992 ku Jerusalem, gulu la wasayansi Raphael Mechoulam, ndipo anakapeza mu ubongo wa nkhumba, tangoganizani! Kena ndi 2-AG, ka mu 1995.

Tinene kuti mwapunthwa chala pamwala. Mitsempha imapatsirana uthenga wa ululu, kudutsa mumsana mpaka ku ubongo. Uthengawo ukanyanya, mtsempha wolandira umapanga timankhwalati pompopompo n'kutibweza kwa wotumiza uja, ngati ukumuuza kuti, "Iwe, ndamva kale, tsitsa mawu." Ululu umachepako. Pakangopita kanthawi, thupi limatiphwanya. Silitisunga m'nkhokwe ayi, limapanga pokhapokha pakavuta.

Apa m'pamene mnyamata uja wasochera. Tathuti timagwira pamene pavuta basi, n'kutha. THC, yomwe imaledzeretsa m'chamba, imalowa paliponse nthawi imodzi n'kukhalitsa, mpaka kumbali ya ubongo yokumbukira zinthu. Ukamasuta tsiku ndi tsiku, malo olandirira aja amachepa. Komanso a DEC, aboma ogwira anthu a chamba aja, sadzamva za bondo, amalume.

Ku Scotland kuli mayi wina, Jo Cameron, nkhani yake inamveka mu 2019. Thupi lake limachedwa kuphwanya anandamide, ndiye ululu saudziwa. Amapsa pachitofu osamva kanthu, amazindikira ndi fungo la mnofu wake womwe. Chiuno chinaonongeka iye akungoyenda, mpaka anakamuika china. Ine sindimusirira ngakhale pang'ono. Bondo lanulo likamapweteka likukuuzani kanthu, ndipo papita miyezi itatu mukulinyalanyaza.

Chomwe mungachite ndi kuyenda ndawala m'mawa, ngati bondolo likulola, chifukwa thupi likagwira ntchito mpaka kutuluka thukuta, anandamide imakwera m'magazi. Koma ngati latupa kapena likutentha mukaligwira, musalikakamize. Lachisanu ndilibe ntchito, ndidzakutengani tipite kukiliniki akalione. Azakhali, mukumva, musawalole athawe.

Kondakitala, pa Chawama apa nditsika! Amalume, ndiimba madzulo.