Musanalembe lipotilo, funsani kuti anthuwo akanakhala pati popanda inu

Mayi, mwati bungwe lanu laling'ono limaphunzitsa utelala ndi ukalipentala kwa achinyamata aulumali komanso atsikana omwe anasiyira sukulu panjira chifukwa cha mimba, ndipo okupatsani ndalama akufuna umboni woti ntchitoyo ikupindula. Mwafunsa ngati kulemba kuti oposa theka la omwe anamaliza maphunziro akugwira ntchito n'kokwanira. Kunena zoona, lipoti lotere akalilandira ndi manja awiri. Koma inuyo silidzakuuzani chomwe mukufunadi kudziwa, choti kodi ndi maphunziro anuwo omwe anawapezetsa ntchito, kapena akanaipezabe mwa njira zawo.

Munthu salembetsa maphunziro a ntchito zamanja zinthu zikumuyendera. Amabwera ganyu atasowa, geni itagwa, pakhomo patavuta. Ndipo zinthu zikafika pansi penipeni, kawirikawiri zimadzakwerako zokha, kaya pulogalamu ilipo kaya palibe. Katswiri wa zachuma wa ku America, Orley Ashenfelter, anaziona zimenezi mu 1978. Anapeza kuti malipiro a anthu ankayamba atsika kaye iwo asanalowe maphunziro a boma, kotero kuyerekeza momwe analili polowa ndi momwe alili atatuluka kunkaikometsa pulogalamu mopitirira muyeso.

Ku America komweko, kuyambira 1975, kunali pulogalamu yotchedwa National Supported Work Demonstration, yomwe inkayang'aniridwa ndi bungwe la MDRC. Inkapereka ntchito ya miyezi 12 mpaka 18 kwa magulu anayi: amayi omwe anakhala zaka zambiri akudalira thandizo la boma, anthu omwe anasiya mankhwala ozunguza bongo, otuluka kundende, ndi achinyamata osiya sukulu. Olembetsa ankawachitira mayere, ena alowe ena atsale, ndipo ofufuza ankawalondola onse, olowa ndi otsala omwe. Amayi aja ndiwo anapindula moonekera, ndipo phindu lawo linakhalitsa. Osiya mankhwala anachepetsa kupalamula milandu. Koma kwa achinyamata ndi otuluka kundende, kusiyana pakati pa olowa ndi otsala kunali kochepa zedi. Apa ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi: musawaponye mu mphika umodzi mnyamata woyendera njinga ya olumala ndi mtsikana wa mwana kumbuyo. Chomutsekereza wina sichomutsekereza mnzake, ndiye chiwerengero chimodzi chikhoza kubisa kuti gulu lina mukulithandiza kwambiri pomwe lina simukulifika n'komwe.

Mu 1986 Robert LaLonde anatenga ziwerengero za pulogalamu yomweyi n'kuchita chinthu chomwe chinachititsa manyazi akatswiri anzake. Anachotsa gulu la otsala pa mayere lija, m'malo mwake n'kuikamo anthu ena ooneka ofanana nawo ochokera m'makafukufuku a dziko lonse, monga momwe ambiri ankachitira nthawiyo. Mayankho anabalalika. Ena anayandikira zoona, ena anasonyeza ngati pulogalamuyo inawasaukitsa anthu. Wolembetsa ndi wosalembetsa amasiyana m'zinthu zosalembeka pa fomu, monga khama, kapena kukhala ndi m'bale womusungira mwana.

Ndikudziwa ena mu gulu muno anena kuti mayere ndi nkhanza. Ine sindikuona choncho. Ngati olembetsa amachuluka kuposa makina osokera omwe muli nawo, ndiye kuti mumabweza kale anthu chaka chilichonse. Funso ndi loti mumawabweza motani. Mayere ochitikira pabwalo, amfumu ndi makolo akuona, amaposa kusankha kwa m'chipinda komwe kumathera pa mwana wa mlamu wa wapampando. Otsalawo auzeni kuti adzalowa ulendo wotsatira, ndipo pa miyezi yomwe akudikirayo ndiwo galasi lanu loonera.

Tsopano mawu aja oti "omwe anamaliza". Pano sitikusowa kupita kutali, chifukwa kafukufuku wake anachitika konkuno. Ofufuza a World Bank ndi anzawo anaunika maphunziro a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja ku Malawi, omwe achinyamata ovutika, ambiri mwa iwo amasiye kapena osiya sukulu, ankaphunzira ntchito kwa amisiri kwa miyezi ingapo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2013. Chomwe ndimautamira kafukufukuyu n'choti analimbikira kusaka omwe anathawa panjira. Anapeza kuti anyamata ambiri ankasiya chifukwa apeza mwayi wina, pomwe atsikana ankasiya chifukwa cha matenda, udindo wa pakhomo ndi kutalika kwa mtunda. Luso linakwera ndithu mwa ophunzirawo, koma pa miyezi yoyambirira kusintha pa ntchito ndi ndalama sikunaoneke. Tangoganizani akanangowerenga omaliza okha. Mtsikana yemwe anasiya sabata yachitatu chifukwa mayi ake anagonekedwa m'chipatala sakanaoneka paliponse, chonsecho iyeyo ndi amene pulogalamu inakhazikitsidwira.

Ine ndinaphunzira izi mochedwa. Pa bungwe lina lomwe ndinagwirako ntchito tinkanyadira zithunzi za tsiku lopereka masatifiketi, nsalu zofanana, nyimbo, alendo olemekezeka. Patapita chaka ndinakumana ndi mmodzi wa atsikana athu akugulitsa tomato. Makina omwe tinamupatsa anali atagulitsa kalekale kuti alipire lendi. M'mabuku mwathu anali akadali telala.

Nkhani ya nthawi nayo ndi yonyenga. Mu 2008 boma la Uganda linapereka ndalama kwa magulu a achinyamata a kumpoto kwa dzikolo, pafupifupi madola 382 pa munthu, zoti aphunzirire ntchito ndi kugulira zida. Magulu analinso osankhidwa pa mayere. Patatha zaka zinayi, olandira ankapeza ndalama zochuluka ndi 38 peresenti kuposa anzawo. Patatha zaka zisanu ndi zinayi, otsala aja anali atawapeza, ngakhale olandirawo anali akadali ndi katundu wochulukirapo ndipo omwe anali pa ntchito zaluso anali ochulukirapo kuposa mwa otsalawo. Kodi pulogalamuyo inalephera? Ine ndimati ayi, zaka zingapo zodya bwino si zachabe. Koma yankho limatengera chaka chomwe wafunsa, ndiye mu lipoti lanu nenani momveka kuti mwayeza patapita miyezi ingati.

Kwa achinyamata aulumali, dzifunseninso ngati chowatsekereza chilidi kusowa luso. Ku Europe, kafukufuku wa 2007 pa anthu 312 odwala matenda aakulu a maganizo anapeza kuti 55 peresenti ya omwe anawapezera ntchito mwachindunji, mlangizi n'kumawayendera kuntchito komweko, anagwirako ntchito, poyerekeza ndi 28 peresenti ya omwe anayamba ndi maphunziro okonzekera. Kwathu kuno ntchito zolembedwa n'zochepa, ndiye sindikuti mukopere. Koma nthawi zina vuto limakhala bwana wokayika, masitepe a pakhomo la shopu, kapena kondakitala wa minibasi wolipiritsa njinga ngati munthu wachiwiri.

Pofunsa, pewani funso loti "mukugwira ntchito?" chifukwa aliyense adzati eya pofuna kukusangalatsani, kapena ayi poyembekeza thandizo lina. Funsani kuti sabata yathayi wasoka zovala zingati, walandira zingati, ulusi ndi lendi zadya zingati, makina ali kuti. Wofunsayo asakhale mphunzitsi wawo. Ndipo yang'anani kalendala: telala wa mu Seputembala, mayunifolomu ali pamzere, kapena wa mu Disembala, si yemweyo wa mu Febuluwale anthu akusaka chimanga. Magulu onse awiri afunseni mwezi umodzimodzi, kawiri pa chaka ngati thumba likulola.

Tsiku lolembetsa lomwelo tengani manambala a foni atatu pa munthu aliyense, yake, ya m'bale wake ndi ya woyandikana naye nyumba, mulembenso mudzi ndi mfumu yake. Manambala amasintha msanga, ndipo oyamba kusowa amakhala omwewo zawavuta.